Kusula ochita zisudzo ndi magule a orixá: zolemba za miyezi inayi ku Salvador

Zolemba izi ndi za ntchito imene tinaigwira mumzinda wa Salvador, m'chigawo cha Bahia ku Brazil, kuyambira Malichi mpaka Juni 2024. Tinali anthu khumi ochita zisudzo, ndipo tinkafuna kuona ngati magule a chipembedzo cha Candomblé, amene amavinidwa polemekeza mizimu ikuluikulu yotchedwa orixá, angasule thupi la munthu woti akaime pabwalo la zisudzo. Ine ndinali Mmalawi ndekha pagululo. Ndalama zonse ndazilemba mu real ya ku Brazil, ndipo pa nthawiyo dola imodzi ya ku America inkasinthidwa pafupifupi ma real 5.

4 Malichi: chipinda, aphunzitsi ndi msonkho

Tagwirizana kuti tizikumana Lolemba ndi Lachinayi, maola awiri tsiku lililonse, ndipo aliyense azisonkha ma real 250 pamwezi, zimene zikupanga 2,500. Aphunzitsi athu ndi mayi wachikulire amene anavinapo m'magulu a zisudzo, komanso ndi ekedi, kutanthauza mayi amene sagwidwa ndi mzimu koma ntchito yake m'nyumba yopembedzera ndi kusamalira amene agwidwa. Iwo azilandira 150 pa tsiku, ndiye kuti 1,200 pa masiku 8 a mwezi. Zipinda tinapeza ziwiri, china cha matabwa pansi cha 70 pa ola, china cha simenti cha 40 pa ola. Tasankha cha simenti, poganiza kuti poti magulewa amavinidwa popanda nsapato ngakhale padothi, simenti siingatiopse. Ng'oma sitinagule. Tizigwiritsa ntchito sipika ndi nyimbo zotsitsa pa intaneti.

Cholinga chathu chinali choti tiyambe takaonerera mwambo weniweni mu terreiro, dzina la nyumba yopembedzera ya Candomblé, kenako n'kuyamba kuphunzira. Zimenezo zalephereka, chifukwa nyumba zambiri zakale zimaimitsa miyambo yapoyera chikondwerero cha m'misewu cha Carnaval chikangotha, ndipo zimadikira mpaka Pasaka atadutsa, amene chaka chino ali pa 31 Malichi. Tiyamba tsono kuphunzira gule amene ambiri a ife sitinamuonepo pamalo pake.

14 Malichi: manja atsogola, mapazi atsalira

Masiku anayi apita pa ma orixá awiri, Ogum ndi Oxum. Ogum ndi mwini chitsulo ndi nkhondo, ndipo gule wake ndi wa munthu amene akulambula njira ndi chikwanje, manja akudula uku ndi uku. Oxum ndi mwini madzi a mumtsinje, amavina ngati mkazi amene akusamba, akupukuta zibangili zake ndi kudziyang'ana pa abebé, kalilole wamkuwa wooneka ngati chokupizira. Tinatengera kayendedwe ka manja mofulumira kwambiri, ndipo tinkadzitama nako, mpaka lero pamene tadzijambula pa foni ndi kudzionera tokha. Ogum wathu akuoneka ngati munthu wothamangitsa njuchi, ndipo Oxum wathu akufanana ndi mtsikana wa pa mpikisano wa chiphadzuwa.

Aphunzitsi sananene zambiri. Atilamula kuti kwa milungu iwiri manja akhale kumbuyo, tigwire dzanja lina ndi linzake, tivine ndi mapazi, mawondo ndi mapewa okha. Phazi liziponda lonse, osati zala zokha, mawondo asawongoke ngakhale kamodzi, ndipo msana uweramire patsogolo pang'ono kuyambira m'chiuno. Tikatero, kusiyana kwa Ogum ndi Oxum kukutsala m'chinthu chimodzi chokha, ndicho momwe kulemera kwa thupi kukugwera pansi: Ogum amakuponya patsogolo nthawi imodzi, pamene Oxum amakutsetseretsa kuchoka phazi lina kupita linzake ngati madzi ogwedezeka m'ndowa. Ntchafu zikuyaka moto pakangotha mphindi khumi.

25 Malichi: simenti yatilanga, ndipo sipika yachita choopsa

Anthu anayi akudandaula kupweteka kwa miyendo kutsogolo kwa msongolo, ndipo mmodzi chidendene chatupa. Dothi limabweza pang'ono munthu akaponda, simenti siibweza, ndipo ife tinali kuiponda ndi thupi lonse maola anayi pamlungu. Tinagula timateti ta labala tolumikiza ta ma real 320, koma tatitaya patangopita masiku awiri, chifukwa phazi limamira, silitsetsereka, ndipo potembenuka bondo limapotoka phazi litatsalira. Ndalama imeneyo yalowa m'madzi. Kuyambira Epulo tisamukira kuchipinda cha matabwa.

Vuto lalikulu lachitika lero. Mnzathu wina anabwera ndi nyimbo ina imene anaitsitsa, nati ng'oma zake zikumveka bwino kuposa zimene tinali nazo, osadziwa kuti inajambulidwa pamwambo weniweni, ndipo mkati mwake munali adarrum, kaimbidwe kofulumira kosalekeza kamene ntchito yake ndi kuitana ma orixá kuti atsike. Tili mkati mozungulira, mtsikana wina amene kwawo ndi a chipembedzochi anayamba kunjenjemera mapewa, maso atatseka, ndipo anadzandira ngati wagundidwa kumbuyo. Aphunzitsi anazimitsa sipika, anamugwira, anamutulutsa panja, ndipo anakhala naye kumeneko kwa kanthawi asanabwere naye ali wotopa ndi wamanyazi. Ena a ife anayamba kunena kuti kunali kutopa chabe, ena kuti kunali kupuma mofulumira. Ine sindinalowe nawo m'mkanganowo, chifukwa amene anaonapo vimbuza kumpoto kwa Malawi amadziwa kuti ng'oma ina siimbidwa pongosewera, kaya munthu amakhulupirira kaya sakhulupirira.

Talemba malamulo ndi kuwamata pakhoma. Nyimbo zojambulidwa mu terreiro zaletsedwa, adarrum waletsedwa, nyimbo zapakamwa zoitanira orixá siziimbidwa m'chipinda chathu, ndipo palibe wovina atatseka maso. Aphunzitsi awonjezera lawo, lakuti amene wamva thupi likumuthawa atuluke mubwalo osapempha chilolezo.

4 Epulo: ng'oma zitatu ndi woimba mmodzi

Tinafunsa ngati tingabwereke ng'oma ku terreiro ya aphunzitsi, ndipo yankho linali lakuti ayi. Ng'oma za kumeneko zinapatulidwa, zimadyetsedwa nsembe, zimavekedwa nsalu, zimaimbidwa ndi amuna okhawo amene anasankhidwa, ndipo sizituluka kukasangalatsa anthu. Tapita tsono kumsika wa São Joaquim, kumene amagulitsa chilichonse kuyambira mbuzi mpaka mikanda, ndipo tagula ng'oma za atabaque zitatu zosapatulidwa pa ma real 1,350: yaikulu yotchedwa rum, yapakati rumpi, ndi yaing'ono lé. Tagulanso agogô, belu lachitsulo la milomo iwiri, pa 70. Aliyense wapereka 142 yapadera. Timitengo toimbira, aguidavi, watibweretsera woimba ng'oma wathu kwaulere.

Woimbayu ndi bambo amene amaimba mu terreiro kuyambira ali mnyamata, ndipo azilandira 100 pa tsiku. Ndalama yolembera oimba atatu tilibe, choncho iwo azigwira rum, ndipo ife tizisinthana pa rumpi, lé ndi agogô. Msonkho wakwera kufika 320, pakuti tsopano chipinda ndi 1,120, aphunzitsi 1,200, woimba 800, zonse pamodzi 3,120.

Tsiku loyamba lokha laonetsa chimene sipika inkatibisira. Agogô imagwira nthawi, rumpi ndi lé zimabwereza kaimbidwe kamodzi osasintha, koma rum imalankhula. Imauza wovina nthawi yotembenuka, yodula, yoima, ndipo woimba amayang'ana mapazi a wovina n'kumuyankha. Nyimbo ya pa sipika tinkailoweza, n'kumadziwiratu pamene ikhotere, ndiye tinkavina za m'mutu. Ndi rum yamoyo sungadziwiretu, uyenera kumvetsera mpaka kumapeto, ndipo chimenechi ndi chimene wochita zisudzo amachisowa kwambiri akaloweza mawu ake n'kuleka kumva mnzake. Ine ndinakulira ku Dedza, ndipo nditangomva ndinakumbukira mbalule ya Gule Wamkulu, imene woimba wake sachotsa maso pa miyendo ya chilombo. Ndinawafotokozera bambowo, ndipo anangoseka n'kunena kuti ng'oma yosayang'ana wovina ndi mgolo chabe.

22 Epulo: ndawotcha lé

Mvula ya ku Salvador imalimba kuyambira Epulo, ndipo chinyezi chafewetsa zikopa mpaka lé ikumveka ngati katoni. Lachinayi lina ndinafika msanga, ndipo pofuna kuthandiza ndinaiwamba pa mbaula ya gasi ya m'khitchini ya pamalopo, monga tinkachitira kwathu ndi moto wa udzu. Moto wa gasi suli ngati wa udzu. Chikopa chinauma mbali imodzi, ndipo chinang'ambika m'mphepete pa kumenya kwachitatu. Ng'oma zimene tinagula zili ndi zomangira zachitsulo, moti chimene chinkafunika ndi sipanala yokha, kukunga pang'onopang'ono mbali zoyang'anizana. Kuika chikopa china kwadya 120 ndi masiku asanu ndi limodzi. Tsopano ng'oma timaziimika pathabwa, osati pansi, timazifunditsa nsalu, ndipo timazimasula pang'ono tikamaliza.

Mbali ya gule tawonjezera atatu. Xangô, mwini mphezi ndi chilungamo, amavinidwa pa alujá, kaimbidwe kamene kamayamba mwaulemu n'kumafulumira mpaka wovina akuoneka ngati akuponya miyala ya moto kuchokera m'thumba. Oxóssi ndi mlenje, kaimbidwe kake ndi agueré, zala zimapanga uta ndi muvi, ndipo chovuta chake ndi maso, amene ayenera kufika pa nyama thupi lisanafike. Iansã, mwini mphepo, watigonjetsa tonse: manja amakankha mpweya ngati akugwira litchowa, mapazi akuthamanga pa kaimbidwe kake kotchedwa ilu, ndipo patatha mphindi zitatu palibe amene amatsala ndi mpweya wolankhulira.

6 Meyi: awiri achoka, ndipo tikangana za chilolezo

Mmodzi wapeza ntchito ya usiku. Wina wachoka chifukwa abale ake a mpingo wa chipentekoste anamva zimene tikuchita, ndipo kunyumba kunalibenso mtendere. Tatsala anthu 8, msonkho watsika kufika 2,560, pamene zofunika ndi 3,120. Tagwirizana kuti aphunzitsi azibwera Lolemba lokha, Lachinayi tizibwereza ndi woimba ng'oma, ndipo potero tiziwononga 2,520.

Kuchoka kwa mnzathu wachiwiriyo kwadzutsa funso limene tinkalizemba, lakuti kodi chimene tikuchitachi ndi kupembedza, ndipo ngati si kupembedza, tili ndi ufulu wanji wotenga gule wa chipembedzo cha eni ake n'kumusandutsa masewera olimbitsa thupi. Mnzathu wina, amene anaphunzira ku sukulu ya zovina ya Universidade Federal da Bahia, yotsegulidwa mu 1956, anati njirayi inalambulidwa kalekale. Mercedes Baptista, mkazi wakuda woyamba kulowa m'gulu la ovina la Theatro Municipal ku Rio de Janeiro mu 1948, atabwerako kwa mphunzitsi wa magule Katherine Dunham ku New York, anakaphunzira magulewa kwa mtsogoleri wa Candomblé Joãozinho da Goméia n'kuwakonza kukhala maphunziro a m'kalasi. Kuno ku Salvador, Mestre King anasula ovina ambirimbiri m'njira yomweyo, Rosangela Silvestre anamanga njira yake yophunzitsira pa zizindikiro za ma orixá, ndipo Balé Folclórico da Bahia, yokhazikitsidwa mu 1988, imawavina pamaso pa alendo ku Pelourinho, dera lakale la mzindawu. Augusto Omolú, amene iye mwini anali ogã, mwamuna wosankhidwa kutumikira mu terreiro amene sagwidwa ndi mzimu, anagwira ntchito ndi mtsogoleri wa zisudzo Eugenio Barba ndi gulu lake la Odin Teatret, limene pa nthawiyo linali ku Holstebro, ku Denmark, ndipo anaphunzitsa ochita zisudzo a m'maiko ambiri mpaka imfa yake mu 2013.

Aphunzitsi anamvetsera mndandanda wonsewo, kenako anati mayina amenewo satipatsa ife chilolezo chilichonse, chifukwa anthuwo ankadziwa pamene mpanda uli. Anatikumbutsa kuti mpaka 1976 nyumba za Candomblé ku Bahia zinkayenera kupempha chilolezo kupolisi kuti ziimbe ng'oma, ndipo m'zaka za m'mbuyomo apolisi ankalanda ng'oma ndi ziwiya zopatulika, moti anthu amene anasunga magulewa m'nthawi imeneyo sangasekerere poona wina akuvala za orixá ngati zovala za Carnaval. Mpanda wawo ndi uwu: kayendedwe ka thupi ndi kaimbidwe ka ng'oma zimene zimaoneka pamwambo wapoyera tingaphunzire, koma zovala za orixá, mikanda yopatulidwa, kulira kumene orixá amalira akatsika, ndi kuyerekeza kugwidwa ndi mzimu, zimenezo ayi. Ndinali ndi ganizo lopangira Omolu, orixá wa matenda ndi machiritso, chovala cha udzu chophimba nkhope, ngati chenicheni cha ulusi wa mgwalangwa wotchedwa palha da costa, ndipo ndalisiya. Kunena zoona sindinavutike kumvetsa, chifukwa nanenso zimandinyansa ndikaona munthu amene sanapiteko kudambwe atavala chigoba cha gule kuti ajambulitse.

30 Meyi: taona xirê

Lero ndi tsiku la chikondwerero cha Akatolika cha Corpus Christi, limene nyumba zakale za nthambi ya Candomblé yotchedwa Ketu zimachitira mwambo wa Oxóssi, ndipo aphunzitsi anatitenga kukaonerera. Anatiuziratu kuti tivale zoyera kapena zowala, zakuda ayi, foni zikhale m'thumba, amuna akhale mbali yawo ndi akazi mbali yawo, ndipo chakudya chikaperekedwa tilandire. Galimoto ndi maluwa amene tinapereka aliyense analipira yekha.

Chimene chandisokoneza ndi kuchepa kwa gule. Xirê ndi bwalo limene ana a nyumbayo amazungulira mobwerera kumanzere, motsatana ukulu wa chinamwali chawo, akuimbira orixá mmodzimmodzi kuyambira Ogum mpaka Oxalá, tate wa ma orixá, pamene Exu, mthenga wawo, amakhala atapatsidwa kale zake mwambo usanayambe. Amayi okalamba amene anali patsogolo sankakweza manja kupitirira pachifuwa, phazi silinkachoka pansi kwenikweni, ndipo kudula kwa Ogum kumene ife timakuchita ndi mkono wonse, iwo ankakuchita ndi chikhatho chimodzi chogunda pa chinzake. Komabe nyimbo ikasintha munthu umadziwa nthawi yomweyo kuti orixá wasintha, usanamve n'komwe mawu, chifukwa msana wa gogo uja wasintha, khosi lasintha, ndi kupuma komwe. Gule wamkulu wa manja otambasuka anabwera pambuyo, ma orixá atatsika ndi kuvekedwa, ndipo ameneyo si wathu. Miyezi itatu takhala tikukulitsa, poganiza kuti mphamvu ili m'kukula, chikhalirecho chimene wochita zisudzo angachigwiritse ntchito chili mwa agogo aja ovina ngati sakuvina. Tikanaona izi mu Malichi tikanapulumutsa milungu yambiri, ndipo amene akufuna kuchita ntchito yonga iyi ayambe wafunsa kalendala ya miyambo asanalipire chipinda.

10 Juni: kuika mawu pa gule

Tapeka kasewero ka mphindi 25 ka mayi wamasiye ndi ana ake olimbirana nyumba, mopanda kutchula orixá aliyense. Wosewera aliyense wasankha orixá mmodzi kapena awiri ngati msana wa munthu amene akumusewera. Njira yake ndi iyi: avine gule yense ndi ng'oma, kenako amuchepetse ndi theka, amuchepetsenso, mpaka atatsala munthu woima kapena wokhala pampando amene kunja sakuvina koma mkati gule akupitirira, ndipo apo m'pamene alankhule mawu ake.

Kuyesa koyamba kwalephera. Mawu akukwera pa ng'oma, aliyense akulankhula motsatira kugunda kwa agogô, ndipo mkangano wa pabanja ukumveka ngati ndakatulo ya ana a sukulu. Tachotsa rumpi ndi lé, vuto lilipobe. Tachotsa agogô n'kusiya rum yokha kuti izilowa mwa apo ndi apo, pamene woimba waona kuti wosewera wataya msana wake, ndipo apo zayamba kugwira. Pa Lachinayi tidzayesa popanda ng'oma konse.

Ine ndikusewera malume a anawo, ndipo ndatenga Oxalufã, Oxalá wokalamba, amene amavina pa kaimbidwe kotchedwa igbin atawerama, akutsamira ndodo yake ya opaxorô, pang'onopang'ono ngati nkhono. Nkhalamba zimene ndinasewerapo kale ndinkazipanga ndi kunjenjemeretsa mawu ndi manja, ndipo anthu ankaseka. Uyu sanjenjemera. Phazi lililonse amaliika ngati waliganizira, ndipo chifukwa choti safulumira, ena onse pabwalo amakakamizika kumudikira, ndiye ulamuliro wa malume ukubwera wokha popanda kukweza mawu. Mtengo wake ndi msana: ndikawerama kuchokera pakati pa msana ndimadzuka m'mawa ndili wouma, ndipo aphunzitsi andikonza kuti ndiziweramira m'chiuno, mawondo ali opinda, mimba itagwira. Amene akusewera mayi wamasiye akusintha kuchoka pa Oxum kupita pa Iansã pakati pa chiganizo chimodzi, pamene mwana wake wamkulu watulutsa mapepala a nyumba, ndipo kusinthako kukungooneka m'mapewa ndi m'mapazi. Amene anasankha Xangô akulepherabe, chifukwa akamuchepetsa amatsala munthu wokwiya wamba, ulemu wa mfumu utathawa.

27 Juni: kuonetsa

Taonetsa m'chipinda chathu chomwecho pamaso pa anthu oitanidwa okwana 30, titavala zovala wamba. Mipando yobwereka, nyali ziwiri ndi zakumwa zadya 260. Rum tinaisiya, koma inalowa kasanu kokha m'sewero lonse. Titamaliza tinafunsa oonerera chimene anaona. Amene sadziwa Candomblé sanatchule gule n'komwe, anangokamba za malume ndi za mayi uja. Amayi awiri a ku terreiro ya aphunzitsi anatchula molondola orixá wa osewera asanu mwa asanu ndi atatu, ndipo za mnzathu wa Xangô anati anaona Ogum, zimene zikutsimikiza kuti pamenepo ntchito sinathe. Anatidzudzulanso pa chinthu chimodzi chimene tonse sitinachione: pachimake pa mkangano mnzathu wina anafuula mofanana kwambiri ndi kulira kwa orixá wake, mosadziwa, ndipo tagwirizana kuti mfuu imeneyo ichotsedwe.

M'thumba mwatsala ma real 120. Ng'oma zisungidwa kwa woimba wathu mpaka Ogasiti, pamene tidzayambirenso ndi Omolu ndi Nanã, gogo wamkazi wa ma orixá, amene sitinawafike bwino, ndipo Xangô tidzamuyamba pachiyambi, manja ali kumbuyo. Chipinda cha matabwa tachisungitsa kale pa masiku omwewo, koma mwini wake wati kuyambira Ogasiti ola lidzakhala 80, ndiye tikufunika munthu wina mmodzi kuti msonkho usakwere.